Nyumba 15 za Zubayr ibn al-Awwam ndi zaka zinayi zodikira

M'mwezi wa Jumada al-Akhira m'chaka cha 36 Hijri, chomwe ndi chaka cha 656, magulu awiri a Asilamu anaima moyang'anizana kunja kwa mzinda wa Basra. Iyi ndi nkhondo yomwe mabuku a mbiri amaitcha Nkhondo ya Ngamira. Isanayambe, Zubayr ibn al-Awwam (Allah asangalale naye) anaitana mwana wake Abdullah ndi kumuuza kuti mtima ukumuuza kuti aphedwa tsiku limenelo. Chomwe chinkamudetsa nkhawa kwambiri chinali ngongole zake. Analamula mwanayo kuti adzagulitse katundu ndi kubweza ngongolezo, ndipo ngati patsala kanthu, gawo limodzi mwa magawo atatu lidzapite ku wasiya. Anaonjeza kuti akadzalephera adzapemphe thandizo kwa Mbuye wake, ndipo Abdullah anachita kufunsa kuti mbuyeyo ndani asanazindikire kuti bambo ake akunena Allah. Zubayr anachoka pabwalo la nkhondo, koma Amr ibn Jurmuz anamutsatira ndi kumupha ku Wadi al-Siba.

Nkhaniyi yalembedwa ndi Imam al-Bukhari, ndipo wophunzira aliyense wa malamulo a chuma cha masiye ayenera kuidziwa, chifukwa ikuonetsa poyera chomwe chiyenera kufulumira munthu akamwalira ndi chomwe chiyenera kudikira.

Zubayr sanasiye dinar kapena dirham m'nyumba. Anasiya minda, kuphatikizapo munda waukulu wa al-Ghaba kufupi ndi Madina, komanso nyumba 11 ku Madina, ziwiri ku Basra, imodzi ku Kufa ndi imodzi ku Egypt. Abdullah atawerengetsa ngongole anapeza kuti zikukwana ma dirham 2,200,000. Ngongole imeneyi sinabwere chifukwa cha kusakaza. Anthu ankabwera kudzasungitsa ndalama kwa Zubayr, koma iye ankakana kuzilandira ngati amana, nkumati azilandira ngati ngongole. Kusiyana kwake n'kwakukulu. Chosungitsa chikatayika popanda kunyozera kwa wosunga, wosungayo salipira. Ngongole yokha imabwezedwa zivute zitani. Zubayr anadzisenzetsa dala mtolo wolemerawo pofuna kuteteza chuma cha anzake, ndipo mtolowo unatsalira mwana wake.

Ma ayah a m'Surah An-Nisa amene akufotokoza magawo a olowa chuma akubwereza kuti magawowo amabwera pambuyo pa wasiya ndi ngongole. Ngakhale wasiya yatchulidwa koyamba, Ali ibn Abi Talib (Allah asangalale naye) anafotokoza kuti Mtumiki (Swalla Allahu alaihi wasallam) anaweruza kuti ngongole ndiyo iyambe, ndipo maulama anagwirizana pa zimenezi. Palinso hadith yomwe ikutiuza kuti mzimu wa wokhulupirira umakhala womangika ndi ngongole yake kufikira itabwezedwa. Maulama a madhhab a Imam al-Shafi'i anafika ponena kuti chuma cha womwalira chimakhala ngati chikole m'manja mwa ngongole. Choncho mwana amene wagulitsa nyumba ya bambo ake ngongole isanabwezedwe, popanda chilolezo cha eni ngongole, wagulitsa chinthu chomwe sanamasukire kuchigulitsa. Ali ndi ufulu wosunga nyumbayo ngati angathe kubweza ngongoleyo kuchokera m'thumba mwake, koma kudya mtengo wake ndi kusiya eni ngongole akulira n'kosaloledwa.

Pamenepa ndi pomwe Abdullah anayenera kufulumira, ndipo anafulumiradi. Koma taonani mmene anagulitsira. Hakim ibn Hizam atakumana naye anamufunsa kukula kwa ngongoleyo, ndipo Abdullah poyamba anabisa nkutchula 100,000 yokha. Hakim anati sakuona ngati katundu wawo angakwanitse ngakhale imeneyo. Atamva chiwerengero chenicheni anangoti akalephera adzamuuze kuti awathandize. Hakim anali wamalonda wodziwika kuyambira kale ku Makka, ndipo ngati iye anaona choncho, ndiye kuti banja la Zubayr linkaoneka ngati lapanikizika. Banja lopanikizika ndi lomwe ogula amalidikirira pakhomo. Abdullah sanataye katundu pamtengo wa maliro. Munda wa al-Ghaba, womwe bambo ake anaugula pa ma dirham 170,000, anauika pa mtengo wa 1,600,000, nkuugawa m'zigawo za 100,000 chilichonse, kenako analengeza kuti aliyense amene Zubayr anali naye ngongole akakumane naye kumundako.

Mmodzi mwa amene anabwera anali Abdullah ibn Ja'far, yemwe ngongole yake inali 400,000. Iye anati atha kuikhululuka yonse. Abdullah anakana. Anati basi ikhale m'gulu la zodzabwezedwa pambuyo. Anakananso. Pamapeto pake Ibn Ja'far analandira chigawo cha munda m'malo mwa ndalama, ndipo patapita nthawi anachigulitsa kwa Mu'awiya pa 600,000. Zigawo zinayi ndi theka zomwe zinatsala zinagulidwa ndi al-Mundhir ibn al-Zubayr, Amr ibn Uthman, Ibn Zam'a ndi Mu'awiya, aliyense pa mtengo womwewo wa 100,000 pa chigawo. Poti al-Ghaba yokha sikanakwanitsa ngongole ya 2,200,000, Ibn Hajar al-Asqalani m'buku lake la Fath al-Bari akufotokoza kuti zogulitsidwazo zinachokera m'mundawo komanso m'nyumba zija. Nyumba zinagulitsidwadi, ndipo chozigulitsira chinali ngongole.

Ngongole zodziwika zitatha, ana a Zubayr anapempha kuti agawiridwe chuma chawo. Pempho lawo silinali lachilendo, pakuti chuma chinali chawo ndipo Zubayr anasiya ana aamuna 9 ndi aakazi 9, kuonjezera pa akazi anayi. Koma Abdullah analumbira kuti sagawa kufikira atalengeza pa nyengo ya Hajj kwa zaka zinayi kuti aliyense amene ali ndi ngongole kwa Zubayr abwere adzalandire. Anachitadi zimenezo chaka ndi chaka. Munthu amene ankasungira ndalama anthu a ku Madina, Basra, Kufa ndi Egypt sakanadziwika ngongole zake zonse m'mwezi umodzi, ndipo Hajj ndiye malo okhawo amene uthenga ukanafika kumadera onsewo. Zaka zinayi si lamulo la Shari'ah lomanga banja lililonse. Kwa munthu amene ngongole zake n'zodziwika ndi zolembedwa, kuchedwetsa kugawa popanda chifukwa n'kupondereza olowa chuma. Chomwe Abdullah ankapewa ndi chomwe mabuku a fiqh amachitchula: mwini ngongole akatulukira chuma chitagawidwa kale, olowa chuma amayenera kubweza kuchokera m'magawo awo, apo ayi kugawako kumaphwasulidwa. Kulanda m'manja mwa m'bale ndalama zomwe wayamba kale kudya, aliyense akudziwa chomwe kumabala.

Pali chinthu china chomwe nkhani ya Zubayr sikuchitchula mwachindunji koma chimakhudza nyumba ya womwalira aliyense wosiya mkazi. Mkazi wamasiye amakhala pa edda miyezi inayi ndi masiku khumi, kapena mpaka atabereka ngati ali woyembekezera. Furay'a bint Malik, mlongo wake wa Abu Sa'id al-Khudri, mwamuna wake ataphedwa anapempha kuti abwerere kwa abale ake, koma Mtumiki (Swalla Allahu alaihi wasallam) anamulamula kuti akhale m'nyumba momwemo kufikira edda itatha, ndipo Khalifa Uthman anadzaweruzanso motsatira nkhani imeneyi. Maulama a madhhab a Imam Malik amalola kuti nyumba igulitsidwe chifukwa cha ngongole, koma ogula auzidwe kuti mayiyo akhalamo mpaka edda yake ithe. Ngati mwini ngongole, amene ali patsogolo pa olowa chuma onse, akudikira mayi wamasiye, kuli bwanji mchimwene wa malemu amene akubweretsa wogula pakhomo anthu asanabalalike pa maliro? Kuno ku Malawi khalidwe lolanda chuma cha masiye ndi mlandu pansi pa lamulo la boma la chaka cha 2011, koma Msilamu sanayenere kudikira boma kuti adziwe zimenezi.

Zaka zinayi zitatha Abdullah anagawa. Hadith ikunena kuti atachotsa gawo la wasiya, mkazi aliyense mwa anayiwo analandira 1,200,000, ndipo chuma chonse chinali 50,200,000. Aphunzitsi angapereke ziwerengerozi kwa ophunzira awo kuti aziyese okha, pakuti sizikugwirizana. Akazi anayi amagawana gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu. Ngati onse pamodzi analandira 4,800,000, ndiye kuti chuma cha olowa chinali 38,400,000. Tikaonjeza wasiya ya 19,200,000 ndi ngongole ya 2,200,000, tikupeza 59,800,000. Ena mwa maulama anati wolandira nkhaniyi anaphonya pa gawo la akazi, chifukwa tikaika 1,000,000 pa mkazi aliyense, chiwerengero chimagwera ndendende pa 50,200,000. Ena anati ziwerengero zonse n'zoona: 50,200,000 ndi mtengo wa chumacho pa tsiku lomwe Zubayr anaphedwa, ndipo 9,600,000 yapamwambayo ndi phindu lomwe minda ndi nyumba zotsala zinabala m'zaka zinayi zomwe Abdullah ankaima pa Hajj kuitana eni ngongole.