Phungu Amene Anasankhidwa Katatu Asanakhale Pampando

Anzanga akale, mukukumbukira kuti pa phunziro la hisitole tinkaloweza mayina a mafumu ndi zaka za nkhondo, koma za aphungu wamba sitinkamva kanthu. Ine dzina la Julian Bond ndinalipeza nditachoka kale pasukulu, m'buku lina losimba za anthu akuda a ku Amereka pomenyera ufulu wao. Nditawerenga ndinati nkhani imeneyi ndidzauze anzanga, makamaka inu amene mwalowa ndale kapena mukuganiza zoima pa chisankho.

Choyamba tidziwe kuti dziko la Amereka lili ndi zigawo 50, ndipo chigawo chilichonse chili ndi nyumba yakeyake ya malamulo, kupatula nyumba yaikulu ya ku Washington. A Bond anali phungu m'nyumba ya chigawo cha Georgia.

Iwo anabadwa pa 14 January 1940 mumzinda wa Nashville. Bambo ao, a Horace Mann Bond, anali mphunzitsi wodziwika, ndipo mu 1945 anakhala munthu wakuda woyamba kutsogolera Lincoln University, sukulu imene kunaphunzira Kwame Nkrumah ndi Nnamdi Azikiwe. Kotero mwanayo anakulira pakati pa mabuku. Mu 1957 anayamba maphunziro ku Morehouse College mumzinda wa Atlanta, likulu la Georgia.

Masiku amenewo m'zigawo za kumwera munthu wakuda sankaloledwa kudyera malo amodzi ndi mzungu. Mu 1960 a Bond ndi ophunzira anzao anayamba kukakhala dala m'malo odyera a azungu, ndipo anamangidwa. Chaka chomwecho anathandiza kukhazikitsa bungwe la ophunzira lotchedwa SNCC, m'mene anakhala mkulu wofalitsa nkhani. Ntchito itachuluka anasiya sukulu mu 1961. Digiri yao anadzaitenga mu 1971 ali ndi zaka 31. Inu amene munasiyira panjira, mvetsani pamenepo.

Makhoti atalamula kuti malire a madera oimira aphungu akonzedwenso molingana ndi chiwerengero cha anthu, mzinda wa Atlanta unapeza mipando yambiri. A Bond anaima mu 1965 ndi kupambana, ali ndi zaka 25 zokha.

Tsono mavuto anayamba asanalumbire. Pa 3 January 1966, mnyamata wakuda dzina lake Sammy Younge, amene anatumikirapo m'gulu la asilikali a pamadzi, anawomberedwa ku Tuskegee atafuna kulowa m'chimbudzi cha azungu. Patapita masiku atatu bungwe la SNCC linatulutsa chikalata chotsutsa nkhondo ya ku Vietnam, lili kudabwa kuti boma likutumiza anyamata kukamenyera ufulu kutali pamene kwao ufuluwo alibe. Mtolankhani atawafunsa a Bond, iwo anavomera kuti akugwirizana ndi chikalatacho.

Pa 10 January aphungu anzao anavota, 184 kwa 12, kuti munthu wotere asalumbiritsidwe. Mpando unakhala wopanda mwini. Anaitanitsa chisankho chapadera, anthu anasankhanso a Bond, nyumba inakananso. Mu November chaka chomwecho anthu aja anawasankha kachitatu.

Mlandu unalowa m'khoti. Pa bwalo loyamba a Bond anagonja, oweruza awiri kwa mmodzi. Koma pa 5 December 1966 Khoti Lalikulu la dziko lonse, motsogozedwa ndi a Earl Warren, linagamula mogwirizana oweruza onse asanu ndi anayi kuti nyumba ya ku Georgia inalakwa. Mfundo yake inali yakuti phungu ali ndi ufulu wolankhula ngati nzika ina iliyonse, ndipo ayenera kunena maganizo ake poyera kuti omuvotera amudziwe bwino. A Bond analumbira mu January 1967.

Ambiri akamasimba nkhaniyi amalekera pamenepa, kapena amaonjezapo zakuti mu 1968, pa msonkhano waukulu wa chipani cha Democratic ku Chicago, dzina lao linatchulidwa kuti akhale wachiwiri kwa pulezidenti, koma anakana okha poti malamulo amafuna zaka 35 pamene iwo anali ndi 28. Ine chimene chimandigwira mtima ndi zaka 20 zotsatira. Anakhala m'nyumba ya aphungu mpaka 1975, kenaka m'Seneti ya Georgia mpaka 1987, pamodzi ndi ena mwa anthu omwe aja anawatsekera chitseko. Anathandiza kukhazikitsa gulu la aphungu akuda, anakankha malamulo othandiza osauka kupeza ngongole za nyumba, ndipo anamenyera kuti ku Atlanta kukhale dera limene anthu akuda angathe kusankha phungu wao wa ku Washington.

Dera limenelo litapezeka, a Bond anaimako mu 1986. Wopikisana nao anali mnzao wakale wa mu SNCC, a John Lewis. Pa chisankho choyamba cha m'chipani a Bond anatsogola, koma pa chachibwereza anagonja. Nthawi imeneyi amene anawakana anali ovota eni ake, ndipo panalibe khoti lokadandaulako. Anachoka m'ndale za mipando nakaphunzitsa hisitole ku University of Virginia, ndipo kuyambira 1998 mpaka 2010 anali wapampando wa bungwe la NAACP. Anamwalira pa 15 August 2015.

Anzanga, mpando wa phungu eni ake ndi anthu ovota. Aphungu 184 analephera kuulanda mu 1966, koma ovota atanena kuti ayi mu 1986, mau ao anakhala omaliza. Amene mukufuna kuimira kwanu, zonse ziwirizi muzisunge mumtima.