Ana a kumisampha, kumpoto kwa Canada

Aphunzitsi anzanga ndi inu makolo, lero tipite kutali, kumpoto kwa Quebec ku Canada, kwa anthu a mtundu wa Cree. Kuyambira m'ma 1670 kampani ya Hudson's Bay inkawagula zikopa za kanyama ka m'madzi kamene pa Cipwitikizi timati castor. Nyengo yozizira ikayandikira, banja lonse linkasamukira m'thengo kwa miyezi yambiri. Bambo ankayendera misampha, mayi n'kumapala ndi kuyanika zikopa, ana ali pambuyo pawo. Kumeneko mwana ankaphunzira maina a mitsinje, kuzindikira madzi oundana amene angasweke ataponda, ndi kulemekeza mafupa a nyama imene wadya. Zonsezi ankazimva m'cinenero ca kwawo.

Kenaka boma ndi mipingo anayamba kutengera ana kusukulu zogonera komweko, kumene ambiri ankalangidwa akayankhula Cicree. Mwana ankabwerako ndi Cingelezi pakamwa, koma pamsasa ali ngati mlendo, osamvana bwino ndi agogo ake. Kwa ine apa ndi powawa kuposa zikopa zimene zinkagulidwa mochipa.

Mu 1971, ife kuno Cahora Bassa ikumangidwa, Quebec inalengeza madamu a James Bay, amene anadzamiza malo osakira. A Cree anakasuma kukhoti. Pangano la 1975 linawapatsa mphamvu yoyendetsa okha sukulu zawo, ndiponso thandizo la ndalama kwa mabanja okhalabe m'thengo. Mpaka lero, atsekwe akamabwerera ca m'Meyi, sukulu zimayamba zatsekedwa kuti ana apite kumisasa ndi makolo awo.