Zitseko za pa Liwonde

Magetsi akathima kuno m'tauni, timathamangira kuloza chala mawaya ndi mapolo. Koma ine ndikuti nkhaniyi imayambira pa Liwonde, pomwe mtsinje wa Shire umalekanitsa Machinga ndi Balaka.

Ambiri sadziwa kuti Shire anaimapo. Kuyambira 1915 mpaka 1935 nyanja ya Malawi inatsika kwambiri moti madzi analeka kutuluka, ndipo mchenga ndi bango zinatseka khomo la mtsinjewu. Zaka 20, abale! Mwayi wake panthawiyo panalibe makina a magetsi pa Shire. Zitachitika lero, dziko lonse lingagone mumdima.

Mantha amenewa ndiwo anabala zitseko za pa Liwonde. Atsamunda anayamba mu 1956 ndi chimulu cha dothi chopingasa mtsinje, koma pofika 1957 madzi anali akudutsanso. Kamuzu Barrage, ya zitseko 14, inamangidwa mu 1965, ndipo chaka chotsatira makina a pa Nkula anayamba kuzungulira. Tedzani anatsatira mu 1973, Kapichira mu 2000. Onsewa ali kumunsi kwa Liwonde, amamwera mtsinje umodzi. Ntchito ya zitseko ndi kusunga madzi a dzinja m'nyanja n'kumawatulutsa pang'onopang'ono m'chilimwe, monga mayi wanzeru atapira chimanga m'nkhokwe.

Komatu nkhokwe imadzadza ngati mvula yagwa. Mvula itavuta mu 2015 ndi 2016 nyanja inatsika, ndipo mu 2017 tinkakhala tsiku lathunthu opanda magetsi, mpaka anachita kubwereka majenereta a dizilo. Baraji inakonzedwanso ndi ndalama za Banki Yaikulu Padziko Lonse kuti izisunga madzi ochulukirapo. Mu 2024 vuto linatembenuka: nyanja inasefukira, nyumba ndi malo ogona alendo ku Mangochi zinalowa madzi, eni ake n'kumalira kuti zitseko zitsekulidwe. Kuzitsekula kwambiri, akulira ndi a ku Chikwawa ndi Nsanje. Wogwira makiyi a pa Liwonde sindimusirira ayi.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi chomwe zitseko sizingaletse. Namasupuni amene amayandama kuchokera ku Malombe amakodwa pa Liwonde n'kuvuulidwa. Nanga matope? Rivirivi, wodutsa m'boma la Balaka, amathira mu Shire kumunsi kwa baraji. Mitengo ikatha m'mapiri ndi m'mbali mwa mitsinje, mvula imakokolola dothi lonse n'kukalisiya m'damu la Nkula, madzi ozunguza makina n'kuchepa.

Mitengoyo ikupita kuti? Yendani mseu wa M1 cha ku Phalula muone matumba a makala ali ndandanda. Wootcha makalawo nthawi zambiri kwawo kulibe ngakhale babu limodzi. Ogula ndife a m'tauni, ndipo timagula kwambiri tsiku lomwe magetsi athima.