Chisipanishi ndi Chipwitikizi m'Chigwa cha Shire

Chisipanishi ndi chiyankhulo cha ku Spain ndi maiko ambiri a ku South America, ndipo chinachokera ku Chilatini monganso Chipwitikizi, chomwe ndi chiyankhulo cha boma ku Mozambique. Ubale umenewu ndi wothandiza kwa ophunzira a ku Chikwawa ndi Nsanje, maboma ochita malire ndi Mozambique, kumene mawu achipwitikizi analowa kalekale mu Chichewa ndi Chisena kudzera m'malonda a m'mitsinje ya Zambezi ndi Shire, ndiponso kumene kunafika anthu ambiri othawa nkhondo ya ku Mozambique imene inatha mu 1992. Mawu oti nsapato, kalata ndi kapitawo anachokera ku sapato, carta ndi capitão, amene mu Chisipanishi ndi zapato, carta ndi capitán.

Pomwe Chichewa chimagawa maina m'magulu ambiri malinga ndi mphatikiram'mbuyo zake, Chisipanishi chili ndi magulu awiri okha, lachimuna lotsogozedwa ndi el ndi lachikazi lotsogozedwa ndi la, motero amati el zapato koma la carta. Dzina likamanena za zinthu zambiri limalandira -s kapena -es kumapeto, ndipo el ndi la amasanduka los ndi las. Aneni ali m'magulu atatu, othera ndi -ar, -er ndi -ir, ndipo wochita ntchito amadziwika kumapeto kwa mneni osati kumayambiriro monga mu Chichewa, kotero kuti hablar, kutanthauza kuyankhula, amakhala hablo, ndimayankhula, komanso hablamos, timayankhula.