Kaposi: khansa imene imadikira chitetezo chitsike

Khansa ya pakhungu yotchedwa Kaposi sinabwere ndi Edzi ayi. Dokotala wa matenda a pakhungu, Moritz Kaposi, anaifotokoza mu 1872 ku Vienna, ataiona pa amuna achikulire. Kuno kwathu inalipo kale, kwenikweni pakati pa abambo, koma inkayenda pang'onopang'ono. Munthu ankakhala ndi zotupa kumapazi zaka zambiri, akulima, akudya nsima yake.

Zinthu zinatembenuka m'zaka za m'ma 1980. Mu 1981 madokotala a ku New York ndi California anadabwa kuona anyamata akutuluka mawanga a Kaposi, ndipo ichi chinali chimodzi mwa zizindikiro zimene dziko linadziwira Edzi. Mu 1983, ku Lusaka, Dr Anne Bayley anaona kuti Kaposi wa odwala ake wasintha khalidwe: akufalikira thupi lonse, akulowa m'kamwa ndi m'mapapo, akupha msanga. Ku Malawi wodwala Edzi woyamba anapezeka mu 1985, ndipo m'zaka za m'ma 1990 Kaposi ndiye anali khansa yochuluka kwambiri pakati pa amuna mu Blantyre.

Amene anakhalako ku Ndirande, Bangwe kapena Zingwangwa nthawi imeneyo sangaiwale. Bambo wa mphamvu zake, woti dzulodzuloli amatsetsereka wapansi kupita ku ntchito ku Makata, mwendo unkayamba ndi timawanga takuda, kenako n'kutupa, n'kuuma gwa ngati chikuni, nsapato osalowanso. Abale ankati waponda mankhwala. Ankayamba kaye kwa asing'anga kukatemera mphini, ndipo pofika ku chipatala cha Queen Elizabeth zilonda zinali zitayamba kutuluka madzi. Sindingawadzudzule anthu amenewa. Ngakhale madokotala anali asanadziwe chimene chimayambitsa nthendayi.

Yankho linapezeka mu 1994, pamene Yuan Chang ndi mwamuna wake Patrick Moore, ku Columbia University, anapeza kachilombo kena m'zotupazo, kamene lero kamatchedwa HHV-8. Kuno ku Africa ambiri amakatenga ali ana, kudzera m'malovu, ndipo amafika nako kuukalamba osadwala. Chimene chimakagoneka ndi asilikali a m'thupi, aja amawerengedwa tikamati CD4, pamodzi ndi anzawo amene amapha selo lililonse logwidwa ndi kachilombo.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Maselo a m'thupi mwathu amatumizirana mauthenga kudzera m'timapuloteni: lina limauzidwa kuti ligawikane, lina kuti lileke, lina lowonongeka kuti life. HHV-8 kamalowa m'maselo oyala mkati mwa mitsempha n'kuyamba kutumiza mauthenga abodza. Kamapanga puloteni yofanana ndi yathu yotchedwa IL-6, yolimbikitsa kutupa. Kamatsekereza p53, puloteni imene imalamula selo lowonongeka kuti life. Kamachititsanso kuti timitsempha tatsopano ta magazi timere mosalongosoka, n'chifukwa chake mawanga ake amaoneka akuda kapena ofiirira. Chitetezo chikakhala bwino, maselo oterewa amaphedwa asanachuluke. HIV ikatha asilikali aja, palibenso wowaletsa. Umboni wina unachokera kwa anthu oikidwa impso ya munthu wina, amene amamwa mankhwala ochepetsa dala chitetezo: ena amatuluka Kaposi, ndipo mankhwalawo akachepetsedwa zotupa zimatha kuphwa.

Mu 2003 ku Queen Elizabeth kunatsegulidwa kiliniki ya Tiyanjane, yothandiza odwala matenda osachiritsika kuti ululu uchepe, ndipo odwala Kaposi anali ambiri pamzere wake. Ntchitoyi inafikanso ku Ndirande. Ku Bangwe nako anthu ongodzipereka ankayenda khomo ndi khomo kusamalira odwala. Mankhwala a khansa amene ankapezeka kawirikawiri anali vincristine.

Kwa ine, chaka chachikulu m'mbiri ya khansa m'Malawi ndi 2004, pamene boma linayamba kupereka ma ARV aulere. Mankhwalawa sakhudza HHV-8 mwachindunji. Amangopondereza HIV, asilikali n'kuyambanso kuchuluka, ndipo kwa amene mawanga angoyamba kumene, zotupa nthawi zambiri zimazilala popanda mankhwala ena. Kuyambira 2016 aliyense wopezeka ndi HIV amayamba mankhwala osadikira kuti CD4 itsike, ndipo zimenezi zimatseka mpata umene Kaposi amalowera.

Amene akutsalira ndi aja ofika nthenda italowa kale m'mapapo kapena m'matumbo. Kwa iwo ma ARV okha sakwanira. Kafukufuku amene anachitika m'maiko angapo a mu Africa, kuphatikizapo Malawi, komanso ku Brazil, zotsatira zake zitatuluka mu 2020, anaonetsa kuti paclitaxel woperekedwa pamodzi ndi ma ARV amathandiza odwala oterewa kuposa bleomycin ndi vincristine amene zipatala zathu zinazolowera.