Masewera Atatu, Thumba Limodzi: Mmene Anthu Opirira Amasonkhetsera Ndalama Zothandiza Achinyamata

Pa 23 Julayi 2023, m'dera la kumpoto kwa Wales m'dziko la Britain, Sean Conway anamaliza ntchito imene anaiyamba pa 10 Epulo chaka chomwecho. Kwa masiku 105 otsatizana, osapumula ngakhale tsiku limodzi, iye ankasambira mtunda wa makilomita 3.8, kupalasa njinga makilomita 180, kenaka n'kuthamanga makilomita 42.2. Kukacha ankayambiranso. Conway anabadwira mumzinda wa Harare m'chaka cha 1981, ndipo ali wamng'ono ankakhala ku Mana Pools m'chigwa cha Zambezi, komwe bambo ake ankagwira ntchito yoteteza nyama zakutchire. Pa masiku onsewo iye ankapempha anthu akufuna kwabwino kuti aponye kangachepe m'thumba la True Venture, bungwe lolimbikitsa ana a kumpoto kwa Wales kuyamba masewera ndi kupitiriza kuwachita.

Zimene anachita Conway ndi chitsanzo chimodzi cha njira yosonkhetsera ndalama imene yafala kwambiri m'zaka makumi anayi zapitazi. Munthu amadzipatsa ntchito yowawa ya masewera angapo, n'kulengeza kuti akuichitira ana kapena achinyamata ena ake, ndipo anthu amapereka ndalama chifukwa cha kupirira kwakeko. Komabe mbiri ya njirayi ikuonetsa kuti kutalika kwa mtunda si kumene kumadzaza thumba.

Chiyambi cha masewerawa

Dzina lakuti triathlon linapangidwa kuchokera ku mawu awiri a Chigiriki, loyamba lotanthauza zitatu, lachiwiri lotanthauza mpikisano. M'Chichewa tilibe liwu limodzi lotero, choncho tingangoti mpikisano wa masewera atatu. Masewerawa amachitika motsatizana, ndipo wotchi siima ngakhale pamene munthu akuvula zosambirira kuti akwere njinga.

Mpikisano woyamba wamakono unachitikira ku Mission Bay, mumzinda wa San Diego ku America, pa 25 Seputembala 1974, ndipo unakonzedwa ndi Jack Johnstone ndi Don Shanahan. Anthu 46 ndiwo anapikisana. Mtunda wautali umene Conway ankabwereza tsiku ndi tsiku unabadwira ku Hawaii. Kumeneko kunali mkangano wakuti wolimba kwambiri ndani pakati pa wosambira, wopalasa njinga ndi wothamanga, ndipo John Collins, yemwe anali msilikali wa pamadzi, pamodzi ndi mkazi wake Judy, anaganiza zophatikiza mipikisano itatu ya pachilumba cha Oahu kuti ichitike tsiku limodzi. Pa 18 Febuluwale 1978 amuna 15 anauyamba, 12 anamaliza, ndipo Gordon Haller anapambana atatenga maola 11 ndi mphindi 46. Uwu ndiwo mpikisano wa Ironman. Mtunda waufupi, wa makilomita 1.5 osambira, 40 a panjinga ndi 10 othamanga, unalowa m'masewera a Olympic ku Sydney m'chaka cha 2000.

Si onse osonkhetsa ndalama amene amatsata masewera atatuwa ndendende. Ena amalowetsamo kupalasa bwato kapena kukwera phiri. Chofunika n'chakuti thupi lisazolowere chinthu chimodzi, komanso kuti oonerera asatope ndi nkhani imodzimodzi.

Mmene ndalama zimabwerera

Kale wothamanga ankayenda ndi pepala kuntchito, kutchalitchi ndi kwa abale, aliyense n'kulemba dzina ndi ndalama zimene akulonjeza pa kilomita iliyonse. Vuto linali kutolera, pakuti kulonjeza n'kosavuta. Chiyambireni zaka za m'ma 2000, mabungwe monga JustGiving ya ku Britain anachititsa kuti munthu azipereka nthawi yomweyo kudzera pa intaneti. Makampani nawo amalipira kuti dzina lawo lilembedwe pa malaya a wopikisana.

Malamulo a msonkho amathandizanso. Ku Britain, pansi pa ndondomeko ya Gift Aid, bungwe lothandiza anthu limalandira kuchokera ku boma mapeni 25 pa paundi iliyonse imene wokhoma msonkho wapereka. Ku South Africa, gawo 18A la lamulo la msonkho limalola wopereka kuchotsa chopereka chake pa ndalama zoyenera kudulidwa msonkho, kufikira magawo 10 pa 100 alionse, bola bungwelo likhale lovomerezeka ndipo lipereke risiti.

Funso limene ambiri amafunsa ndi lomveka: ngati cholinga n'kuthandiza mwana, kuvutika konseku n'kwa chiyani? Munthu akanatha kungopempha. Yankho lake n'lakuti pempho lopanda nkhani silimveka patali. Matuza, kusanza, kulira ndi kudzukanso zimapatsa atolankhani chonena m'mawa uliwonse, ndipo wopereka amaona kuti wopemphayo wayamba ndi iye mwini kutaya kanthu.

Mtunda ndi kutchuka

Apa ndi pamene nkhaniyi ikufunika kuisinkhasinkha. M'chaka cha 2012, John Bishop, katswiri wa nthabwala wa ku England, anachoka ku Paris pa njinga mpaka ku Calais, anawoloka nyanja ya English Channel pa bwato lopalasa pamodzi ndi anzake atatu, kenaka anathamanga masiku atatu mpaka ku London. Ulendo wonse unali wa makilomita pafupifupi 470 ndipo unatenga masiku asanu. Ndalama zimene zinalengezedwa zinaposa mapaundi 3 miliyoni. Mu Febuluwale 2014, Davina McCall, woulutsa mawu pa wailesi ya kanema, anayenda makilomita pafupifupi 800 kuchoka ku Edinburgh kukafika ku London m'masiku asanu ndi awiri, akupalasa njinga, kusambira ndi kuthamanga. Atawoloka nyanja yozizira ya Windermere anachita kumunyamula pomutulutsa m'madzi, ali lefu, ndipo anthu ochuluka anaona zimenezo pa kanema. Zopereka zinaposa mapaundi 2 miliyoni. Onse awiriwa ankasonkhetsera Sport Relief, ntchito imene bungwe la Comic Relief linayamba mu 2002 mogwirizana ndi BBC, ndipo gawo lina la ndalama zake linkapita ku ntchito zothandiza ana ndi achinyamata ku Britain ndi ku Africa.

Tsono yerekezani ndi James Lawrence, wobadwira ku Canada koma wokhala ku Utah. Mu 2015 iye anachita mtunda wa Ironman ka 50, m'zigawo zonse 50 za dziko la America, m'masiku 50, kuyambira ku Hawaii pa 6 Juni mpaka ku Utah pa 25 Julayi. Usiku ankagona m'galimoto ikuyenda kupita ku chigawo china, mkazi wake ndi ana awo asanu ali momwemo. Ankafuna kupeza madola 1 miliyoni othandizira Jamie Oliver Food Foundation polimbana ndi kunenepa kopitirira muyeso pakati pa ana, koma zimene zinapezeka zinachepa kwambiri. Pamwamba pa izo, tsiku lina atavulala anamalizira gawo lothamanga pa makina a m'nyumba yolimbitsira thupi, ndipo ena mwa okonda masewerawa anakana kuliwerengera tsikulo.

Mtunda umene Lawrence anayenda m'masiku atatu okha unaposa ulendo wonse wa Bishop. Chimene Bishop anali nacho ndi nkhope yodziwika kale komanso wailesi ya dziko lonse yomutsatira. Izi sizikuchepetsa ululu umene Bishop kapena McCall anamva, pakuti kwa munthu wosazolowera masiku asanu otero ndi chinthu chachikulu. Zikungosonyeza kuti m'ntchito imeneyi miyendo ndi imene imayenda koma khamu la oonerera ndilo limalipira.

Lawrence anabweranso mu 2021 n'kuchita mtundawo masiku 101 otsatizana. Chiwerengero chimenecho n'chomwe Conway ankafuna kupitirira. Anayesa koyamba mu 2022 koma analekeza patangopita masiku ochepa atavulala, ndipo atayambanso mu 2023 anali ndi cholinga cha masiku 102, n'kuwonjezerapo atatu. Sanali mlendo pa zoterezi: mu 2013 anakhala munthu woyamba kusambira utali wonse wa Britain, kuchoka ku Land's End kukafika ku John o' Groats, m'masiku 135, akusonkhetsera bungwe la War Child lothandiza ana a m'maiko a nkhondo. Ndevu zake zotchukazo anazisunga pa ulendo umenewo pofuna kuteteza nkhope ku tizilombo ta m'nyanja toluma. Chaka chotsatira cha 2024, Jonas Deichmann wa ku Germany anafikitsa chiwerengerocho pa masiku 120, kuyambira pa 9 Meyi mpaka pa 5 Seputembala, m'dera la Roth. Zonse pamodzi anasambira makilomita 456 ndi kupalasa njinga makilomita 21,600. Zopereka zinapita kwa achinyamata ophunzira kuzimitsa moto a m'deralo komanso ku Laureus Sport for Good, bungwe limene linayamba m'chaka cha 2000 mothandizidwa ndi Nelson Mandela, ndipo imodzi mwa ntchito zoyamba kulandira thandizo lake inali Mathare Youth Sports Association ya ku Nairobi.

Nkhope ya mwana wothandizidwa

Popeza nkhani ndiyo imakoka ndalama, nthawi zina mwana amene akuthandizidwayo amasanduka chokometsera nkhani ya munthu wina. Kwa zaka zambiri Comic Relief inkatumiza anthu otchuka a ku Britain kumaiko a mu Africa kukajambula mafilimu opemphera thandizo. Mu 2019 phungu wa nyumba ya malamulo David Lammy anadzudzula mchitidwewu, chithunzi cha mtolankhani wina wotchuka atanyamula mwana ku Uganda chitafalitsidwa. Iye anati zithunzi zotero zimapitiriza kuonetsa Africa ngati dziko la osowa chochita lodikira mzungu wodzalipulumutsa. Mu Okutobala 2020 bungweli linalengeza kuti lasiya kutumiza anthu otchukawo, ndipo mafilimu ake azijambulidwa ndi akatswiri a kumaiko komweko. Kwa owerenga a m'chigawo chino, amene ana awo akhala akuoneka pa zithunzi zoterezi, mkanganowu si wachilendo.

Chitsanzo cha ku Eastern Cape

Pali njira ina yosadalira munthu mmodzi wotchuka. Mpikisano wa Ironman wa mtunda wonse unayamba kuchitikira ku Port Elizabeth mu 2005, mzinda umene kuyambira 2021 ukutchedwa Gqeberha. Chaka chomwecho cha 2005, Garth Wright, yemwe kale ankasewera mpira wa rugby m'timu ya dziko ya Springboks, ndi mnzake Gary Stephenson anayambitsa Ironman 4 the Kidz. Opikisana wamba, ambiri a iwo anthu apantchito, ankafunafuna makampani ndi anthu oti awathandize, n'kupikisana atavala yunifomu ya bungweli, ndipo ndalama zinkapita ku nyumba zosungira ana ndi mabungwe ena osamalira ana a m'deralo.

Ndalama za njira yotere sizingafanane ndi za pa BBC. Ubwino wake uli pakuti zimabwera chaka ndi chaka, komanso wopereka ndi wolandira amakhala mumzinda umodzi, kotero kuti amene wapereka angathe kupita kukaona denga limene lakonzedwa. Nyumba ya ana imafuna chakudya, magetsi ndi malipiro a olera mwezi uliwonse, ndipo ndalama zambiri zobwera kamodzi kokha zimavuta kuzikonzera bajeti.

Ngozi ndi zolipira

Masewerawa ali ndi ngozi zake. Kafukufuku amene anatsogolera Dr. Kevin Harris wa ku Minneapolis, wofalitsidwa mu 2017 m'magazini ya Annals of Internal Medicine, anapeza anthu 135 amene anamwalira kapena mtima wawo unaima pa mipikisano ya triathlon ku America pakati pa 1985 ndi 2016. Mwa iwo, 90 zinawachitikira akusambira. Ambiri anali amuna a zaka zapakati, ndipo ena anapezeka kuti anali ndi matenda a mtima amene sankawadziwa. Chiwerengerochi n'chochepa poyerekeza ndi mamiliyoni amene anapikisana, koma chikukhudza kwambiri osonkhetsa ndalama, popeza ambiri a iwo amalowa mpikisano koyamba ali akuluakulu, ndipo akalonjeza pagulu zimawavuta kubwerera m'mbuyo ngakhale thupi litakana. N'chifukwa chake madokotala amalangiza kuyezetsa mtima ndi kuzolowera madzi a panyanja miyezi ingapo tsikulo lisanafike, pakuti kusambira m'dziwe n'kosiyana ndi kusambira pa mafunde pakati pa anthu mazanamazana.

Palinso nkhani ya zolipira. Njinga ya mpikisano, ndalama yolembetsera, ulendo, malo ogona, bwato loperekeza wosambira ndi anthu omusamalira, zonsezi zimadya ndalama zambiri. Ena amalipira okha kapena kudzera mwa makampani owathandiza, kotero kuti chopereka chonse chimafika ku bungwe. Ena amachotsa zolipirazo pa zopereka zomwezo. Njira zonse ziwiri zimachitika, ndipo wopereka ali ndi ufulu wofunsa kuti ndi iti imene yatsatidwa, ngati bungwelo lili m'kaundula wa boma, ndiponso ngati ndalamazo zikupita mwachindunji ku akaunti ya bungwe kapena zikudzera kaye m'thumba la wothamangayo.