Kompyuta yopanda mausi: mbiri ya sikirini ya kuchipatala

Ambirife kompyuta yathu yoyamba inali foni. Timadina kachithunzi, WhatsApp n'kutseguka, ndiye timangoona ngati zinthu zinabadwa choncho. Ayi ndithu. Kabatani kalikonse kali pa sikirini kanachita kulembedwa ndi munthu, ndipo munthuyo anali ndi chithunzi m'mutu cha amene adzakadine. Ine monga mwana wa m'chigwa cha Shire, funso langa ndi ili: ankaganizira ndani?

Kale kompyuta inkafuna kuti uilembere malamulo ndi kiyibodi. Ukaphonya chilembo chimodzi, basi yakana. Mu 1968 Douglas Engelbart anaonetsa anthu mausi ku San Francisco. Mu 1973 akatswiri a Xerox PARC, ku California komweko, anapanga Alto, kompyuta ya munthu mmodzi yokhala ndi mausi ndi sikirini yojambula zithunzi. Macintosh ya Apple inatuluka mu 1984, chaka chomwenso ku MIT anayamba X Window System, imene inadzakhala maziko a mawindo pa makompyuta amphamvu a m'mayunivesite ndi m'makampani, aja amati ma workstation.

Apa kalembedwe ka mapulogalamu kanatembenuka. Pulogalamu yakale inkalamula: yankha ichi, kenako ichi, mpaka kumapeto. Ya mawindo imakhala ngati mwini okala, imangodikira. Wina akadina batani, kusuntha mausi kapena kutseka windo, uthenga umafika ku pulogalamuyo, ndipo wolemba ayenera kukhala atakonzeratu choti chichitike pa chilichonse. Ntchito yaikulu inasanduka yolosera zochita za munthu.

Munthu amene ankamuloserayo anali wa mu ofesi ya ku America: ali ndi desiki, mafayilo, bini ya mapepala ndi magetsi osazima. N'chifukwa chake mpaka lero sikirini ya kompyuta imatchedwa desktop. Tsono tengani kompyuta yomweyo muipereke kwa namwino amene sanagwirepo mausi, panja pali mzere wa odwala kuyambira m'bandakucha. Mawindo asanu osanjikizana amuthandiza chani?

Yankho lina linapezeka kwathu konkuno. Mu 2001 Gerry Douglas, amene anayambitsa Baobab Health, anaika makompyuta olembera odwala pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe, chimene lero timati Kamuzu Central. Anatenga timakina totchipa totchedwa i-Opener, tomwe ku America tinapangidwira intaneti ya pakhomo koma malonda ake anagwa, n'kutiika sikirini yogwira ndi chala. Kiyibodi anachotsa, mausi anachotsa. Sikirini iliyonse inkafunsa funso limodzi, mabatani ake akuluakulu. Wayankha, ubwere funso lina. Ukalemba nambala yosatheka, monga kulemera kumene munthu sangafike, pulogalamu inkakuchenjeza pomwepo wodwala asanachoke. Makina ankasindikiza sitika ya barcode yomata m'buku la kuchipatala, kuti ulendo wina angoiwalitsa, mbiri ya wodwalayo n'kutulukira.

Za magetsi anaganiziranso. Mphamvu inkadutsa m'chingwe chomwecho cha netiweki kuchokera ku mabatire, moti magetsi akazima ntchito inkapitirira.

Boma litayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, odwala anachuluka kuposa zimene mapepala akanatha kusenza. Mu 2006 njira ya sikirini ija inayamba kugwira ntchito ku kiliniki ya ma ARV pa Queen Elizabeth ku Blantyre, kenako inafalikira m'zipatala zambiri. Mapulogalamuwo ankalembedwa ku Lilongwe ndi Amalawi anzathu, mmodzi mwa iwo Soyapi Mumba, amene anadzafotokoza ntchitoyi pa msonkhano wa TEDGlobal ku Arusha mu 2017. Taganizani, iPhone inatuluka mu 2007. Anamwino ena a kuno anali atazolowera kale kulamula kompyuta ndi chala dziko lisanapenge nazo.

Mwina mukuti nanga za Lilongwe ndi Blantyre zikutikhudza bwanji ife a ku Chikwawa ndi Nsanje? Zikutikhudza chifukwa mavuto amene anawakakamiza kuganiza mwatsopano, kuno ndiye kwawo. Kutentha kwa mu Okutobala ku Ngabu kumafoola munthu ndi makina omwe. Fumbi limalowa paliponse. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, ku Chikwawa konkuno, dziko lonse n'kulowa m'mavuto a magetsi kwa miyezi yambiri. Madzi osefukira a mu 2015 ndi a Freddy mu 2023 anakokolola katundu wa anthu, ndipo buku la kuchipatala ndi pepala basi, silisambira. Kwa munthu womwa mankhwala tsiku lililonse, kutaya mbiri yake si nkhani yamasewera. Komanso agogo ambiri ku Nsanje amamasuka m'Chisena, pomwe sikirini zambiri zimayankhula Chingerezi.

Ndimamva achinyamata a ku Nchalo ndi ku Bangula akuti akuphunzira coding pa YouTube, bandulo ikalola. Zosangalatsa zedi. Koma maphunziro ambiri a kumeneko amakuphunzitsa kupangira munthu wa pa desiki uja. Musanajambule batani loyamba, anzanga, pitani mukakhale m'mawa umodzi pamene pulogalamu yanuyo idzagwire ntchito, kaya ndi pa kiliniki, pa msika kapena pa sikelo yogulira thonje. Muone amene adzadine, manja ake agwira chiyani, amawerenga chilankhulo chanji, ndi anthu angati akumudikira. Mukafunsenso kuti magetsi anazima liti komaliza.